Phunziro la Chingerezi: Chining'a cha "Dawn on" ndi Kagwiritsidwe Ntchito Kake

Chingerezi ndi chiyankhulo cha boma m'dziko muno, choncho anthu a m'wodi amakumana nacho m'makalata, m'malipoti, pa wailesi ndi m'mabuku a ana asukulu. Ambiri amene adapitako kusukulu amatha kuwerenga liwu lililonse palokha, koma amakodwa akafika pa zining'a. Chining'a ndi gulu la mawu limene tanthauzo lake silipezeka pomasulira liwu limodzilimodzi. Mchewa akanena kuti wamutsina khutu mnzake, palibe amene amayang'ana khutulo kuti aone ngati latupa, pakuti onse amadziwa kuti wamuchenjeza. Mlendo amene wangophunzira mawu akuti "kutsina" ndi "khutu" angaganize kuti padachitika ndewu. Zining'a za Chingerezi nazo zimasocheretsa chimodzimodzi.

Phunziro lino likukamba za chining'a chimene chimamveka kawirikawiri pa wailesi ndipo chimapezeka m'nyuzipepala ndi m'nkhani zimene ophunzira a ku sekondale amawerenga. Chining'acho ndi "to dawn on someone". N'chachifupi, koma chimanena zinthu zingapo nthawi imodzi: kuti munthu wazindikira chinthu, kuti adachedwa kuchizindikira, ndiponso kuti poyamba sankachidziwa konse. Wochigwiritsa ntchito molakwa angathe kutaya malikisi pa mayeso, kunyoza wamkulu mosadziwa, kapena kunena m'kalata zimene sadafune kunena.

Tanthauzo lake

Liwu lakuti "dawn" likakhala dzina limatanthauza m'bandakucha, nthawi imene mdima ukubalalika koma dzuwa lisanatuluke. Likakhala mneni limatanthauza kucha kwa kunja. Mneniyu akatsatidwa ndi mperekezi "on" ndiponso dzina la munthu, nkhani imachoka kunja n'kulowa m'mutu mwa munthuyo. Chiganizo chakuti "It dawned on her" chimatanthauza kuti mayiyo adayamba kuzindikira chinthu chimene sankachiona ngakhale kuti chidali pamaso pake nthawi yonseyo.

Kuti chining'achi chikhale pamalo pake pamafunika zinthu zitatu. Choyamba, chimene chazindikiridwacho chikhale choona chimene chidalipo kale. Chachiwiri, papite nthawi munthuyo asakuchiona. Chachitatu, kuzindikirako kuchokere m'maganizo mwa mwini wake, atalumikiza zimene wakhala akuona ndi kumva.

Chitsanzo ndi mlimi amene zokolola zake zakhala zikutsika m'munda wa pamtsetse. Chaka choyamba adati vuto ndi mvula. Chaka chachiwiri adati mbewu idali yoipa. Chaka chachitatu adawonjezera feteleza, koma zokolola sizidasinthe. Tsiku lina mvula itangokata adaima kumunsi kwa munda n'kuona madzi ofiira akutsikira kudambo, ndipo adakumbukira kuti miyala imene kale idali yokwiririka tsopano ili pamtunda. Wolemba Chingerezi angafotokoze motere:

"It slowly dawned on the farmer that the rain was carrying his soil away."

Ndiye kuti pang'ono ndi pang'ono mlimiyo adazindikira kuti mvula ikumukokololera nthaka. Nthakayo idayamba kukokoloka kalekale. Chimene chidachedwa ndi kuzindikira kwa mwini munda.

Kumene chidachokera

Chithunzi chimene chili m'chining'achi n'chodziwika kwa aliyense amene adalawirirapo ulendo tambala woyamba atangolira. Potuluka m'nyumba saona kanthu kupatula nthanda kum'mawa. Akayenda pang'ono, m'munsi mwa thambo mumayamba kuyera ndipo mitengo imaoneka ngati zithunzithunzi zakuda. Patsogolo pake amatha kusiyanitsa chitsa ndi mbuzi yogona m'mbali mwa njira, ndipo pomaliza amaona ngakhale mtundu wa malaya a munthu amene akubwera kutsogolo kwake. Palibe mphindi imene angailoze kuti apa ndiye pamene mdima udathera. Komanso kuwalako sikudabweretse chitsa kapena mbuzi. Zonsezo zidali pomwepo usiku wonse.

Akatswiri a zakuthambo amagawa m'bandakucha m'zigawo zitatu potengera pamene dzuwa lili kunsi kwa malire a thambo ndi dziko. Kuwala koyamba kumaoneka dzuwa likadali madigiri 18 kunsi, chigawo chachiwiri chimayamba pa madigiri 12, ndipo chomaliza, chimene munthu amatha kugwira ntchito panja popanda nyali, chimayamba pa madigiri 6. M'Malawi, dziko limene silili kutali ndi ikweta, chigawo chomalizachi sichifika mphindi 25. Ku London chimapitirira mphindi 30 chaka chonse, ndipo m'mwezi wa Juni chimaposa mphindi 45. M'mwezi womwewo dzuwa silitsika mpaka madigiri 18 mumzindawo, kotero kuti thambo silida kotheratu usiku wonse. Eni chiyankhulochi adazolowera kucha kochedwa kuposa kwa kuno, ndipo kudziwa zimenezi kumathandiza wophunzira kumva kudekha kumene kuli m'mawuwa.

Liwu lenilenilo ndi lakale kwambiri. M'Chingerezi chimene chinkayankhulidwa ku England zaka zoposa 1,000 zapitazo mudali mneni "dagian", wotanthauza kusanduka usana, amene adachokera ku dzina "dæg", limene lero limalembedwa "day". Choncho "dawn" ndi "day" ndi mawu a muzu umodzi. Tanthauzo lokhudza maganizo lidabwera pambuyo. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1800 lidali litalowa m'mabuku, ndipo limapezeka m'buku la Harriet Beecher Stowe la mu 1852 lotchedwa Uncle Tom's Cabin. Olemba a nthawi imeneyo ankakonda kulemba "dawn upon". M'chining'achi "on" ndi "upon" amatanthauza chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti "upon" amamveka wachikale ndipo amapezeka kwambiri m'zolembedwa kusiyana ndi pamacheza.

Kucha kuwiri kosiyana

Amalawi si alendo pa fanizo la kucha. M'nthawi yomenyera ufulu wodzilamulira, liwu lakuti "Kwacha!" lidali mfuu ya pamisonkhano. Mbendera imene idakwezedwa pa 6 Julaye 1964 ili ndi dzuwa lotuluka, ndipo ndalama imene idalowa m'malo mwa paundi mu 1971 idatchedwa kwacha, pamene yaing'ono yake idatchedwa tambala, mbalame yolengeza kucha. Dziko la Zambia nalo lidayamba kutcha ndalama yake kwacha mu 1968. M'zonsezi kucha kukuimira chiyambi cha nyengo yatsopano ya mtundu wonse.

Chingerezi chili nalo tanthauzo limeneli, koma chimalinena popanda "on". Mawu akuti "A new era dawned" amatanthauza kuti nyengo yatsopano idayamba, ndipo "the dawn of independence" ndi chiyambi cha ufulu wodzilamulira. Wophunzira ayang'anitsitse chimene chatsatira mneni. Ngati palibe "on" ndi munthu, nkhani ndi ya chiyambi. Ngati "on" ndi munthu alipo, nkhani ndi ya kuzindikira.

Pachifukwa chomwechi, kumasulira "It dawned on him" kuti "kudamuchera" n'kusocheretsa omvera. Mchewa akamva kuti munthu kudamuchera ali panjira, amamva kuti kunja kudayera munthuyo asanafike kumene ankapita. Za kuzindikira sizimveka m'mawu amenewo.

Kapangidwe ka chiganizo

Mfundo yaikulu ndi yakuti munthu amene wazindikirayo sakhala mwininkhani wa chiganizo. M'Chichewa munthu ndiye amachita, n'chifukwa chake pamanenedwa kuti "adazindikira". M'chining'a cha Chingerezichi choonacho ndicho chimachita, ndipo munthu amangochilandira monga amalandirira kuwala kwa m'mawa. Motero dzina la munthuyo kapena mlowam'malo wake amabwera pambuyo pa "on", ndipo mlowam'maloyo amakhala "me", "you", "him", "her", "us" kapena "them".

Pali njira zitatu zopangira chiganizo. Yoyamba, imene ili yofala koposa, imayamba ndi "It", kenaka "dawned on", kenaka munthu, n'kutsiriza ndi mfundo yoyamba ndi "that":

"It dawned on the traveller that he had boarded the wrong bus."

Wapaulendoyo adadzazindikira kuti wakwera basi yopita kwina. M'chiganizochi "it" sakuloza chinthu chimene chatchulidwa kale. Akungogwira malo a mfundo imene ikubwera kumapetoyo.

Njira yachiwiri ndi yofanana ndi yoyamba, koma m'malo mwa "that" mumalowa "why", "how" kapena "what":

"It dawned on the mother why the child no longer wanted to go to school."

Mayiyo adayamba kuzindikira chifukwa chimene mwana wake ankakanira sukulu.

Njira yachitatu imayamba ndi dzina la chinthu chimene chazindikiridwacho:

"The size of the debt began to dawn on the family."

Banjalo lidayamba kuona kukula kwenikweni kwa ngongoleyo.

Mneniyu savuta kusintha nthawi: "dawn", "dawns", "dawned", "dawning". Nthawi yakale ndiyo imamveka kwambiri, chifukwa munthu amasimba za kuzindikira kwake kutachitika kale. Komabe "It is beginning to dawn on them" n'chiganizo cholondola, chonena za anthu amene angoyamba kumene kutseguka maso. Pokana pamakonda kulowa "never", monga mu "It never dawned on him that the seed was fake", kutanthauza kuti m'mutu mwake simudabwere n'komwe ganizo lakuti mbewuyo ndi yachinyengo.

Aonjezi amene amayenda ndi chining'achi ndi "slowly", "gradually", "finally" ndi "suddenly". Awiri oyambawo amatsindika kuti kuzindikira kudabwera pang'onopang'ono. Wachitatu amasonyeza kuti padapita nthawi yaitali. Wachinayi amadabwitsa ophunzira ena, popeza kunja sikucha mwadzidzidzi, koma eni chiyankhulo amanena "It suddenly dawned on me" kawirikawiri ndipo si kulakwa. Chimene chikunenedwa pamenepo ndi mphindi yomaliza yokha, monga zimachitikira munthu amene adalawirira kumunda n'kumalima ali chiweramire, pokweza mutu n'kupeza kuti kunja kwayera. Nthawi ya kusazindikira ija imakhalapobe m'tanthauzo.

Zolakwika zofala

Cholakwika choyamba ndi kuika munthu patsogolo potsata kaganizidwe ka Chichewa. "I dawned on it" ndi "She dawned that the shop was closed" si Chingerezi. Wofuna kuyamba ndi munthu agwiritse ntchito mneni "realise", monga mu "She realised that the shop was closed".

Chachiwiri ndi kusintha mperekezi. Ena amalemba "It dawned to me" chifukwa chosokoneza ndi "It occurred to me", amene amatengadi "to". Chining'a sichilola kusinthitsa mawu ake. Pambuyo pa "dawn" pamabwera "on" kapena "upon" basi.

Chachitatu chimachokera m'makutu. Mawu akuti "dawn" ndi "down" amamveka mofanana kwa anthu ambiri, ndipo zotsatira zake ndi chiganizo cholakwika chakuti "It downed on me". Liwu la "dawn" limatchulidwa ndi "o" wotalika, ngati "doon", ndipo limamveka mofanana ndi "lawn". Liwu la "down" limatchulidwa ngati "daun", mofanana ndi "town", ndipo limatanthauza pansi. Polemba, chilembo chachiwiri cha chining'achi ndi "a".

Chachinayi ndi kutembenuza chiganizo kuti munthu akhale wochitiridwa, monga "He was dawned on by the truth". Mneniyu salola kutembenuzidwa kotero.

Chachisanu ndi kugwiritsa ntchito chining'achi pa nkhani imene munthu wangouzidwa. Mlembi akauza munthu kuti msonkhano wasunthidwira Lachinayi, munthuyo wangomva uthenga; anene kuti "I was told" kapena "I learnt". Koma akafika pamalo a msonkhano n'kupeza mipando ili yosanjikiza, chitseko chili chotseka, panja palibe njinga ngakhale imodzi, n'kuyamba kuona yekha kuti wabwera tsiku lolakwika, pamenepo "It dawned on him" wakhala pamalo pake.

Zining'a zina zapachibale

Chingerezi chili ndi zining'a zingapo zonena za kumvetsa, ndipo chilichonse chili ndi malo ake.

"To sink in" chimafanizira madzi amene akulowa pansi pang'onopang'ono. Chimanena za nkhani imene munthu waimva kale ndi makutu, koma kulemera kwake sikunafike mumtima. Mwana amene wasankhidwa kupita ku yunivesite angathe kunena kuti "The news has not sunk in yet", kutanthauza kuti wamva ndithu koma akuona ngati maloto. Chimodzimodzi ofedwa m'masiku oyamba a maliro. Kusiyana kwake ndi "dawn on" n'kwakuti pano mfundoyo ikudziwika kale. Chining'achi sichitenga dzina la munthu pambuyo pake, ndipo mneni wake amasintha motere: "sink", "sank", "sunk".

"The penny dropped" n'cha ku Britain ndipo chidayamba kupezeka m'zolembedwa m'zaka za m'ma 1930. Chidachokera ku makina amene ankagwira ntchito munthu akaponyamo kobiri. Nthawi zina kobirilo linkakakamira panjira, makinawo n'kukhala chete, mpaka litagwera m'kati. Akuluakulu amene adagwiritsapo ntchito makobiri obooka pakati a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland akuidziwa ndalama ya dzina limeneli. Makobiri 12 ankapanga sheleni imodzi, ndipo 240 ankapanga paundi. Chining'achi chimanena za munthu amene adakhala kanthawi osamva nthabwala kapena mfundo imene anzake adaimva kale, kenaka n'kuimva kamodzin'kamodzi. N'cha pamacheza ndipo chimakhala ndi kachipongwe pang'ono, choncho sichiyenera m'kalata ya ku ofesi.

"To put two and two together" ndi kulumikiza zizindikiro mwadala mpaka kupeza yankho. Pano munthu ndiye mwininkhani, chifukwa ndiye akugwira ntchito yoganiza: "She put two and two together".

"To see the light" ndi kusiya maganizo akale n'kuvomereza zimene munthu ankazikana. Chimanena za kutembenuka mtima kuposa kungozindikira mfundo imodzi.

"To get the hang of something" n'cha luso la manja kapena la chizolowezi, monga kupalasa njinga, kusoka pa makina kapena kutumiza ndalama pa foni. Luso silinenedwa ndi "dawn on".

"To occur to someone" ndi kubwera kwa ganizo m'mutu, kaya ganizolo ndi loona kapena ayi. Munthu angathe kunena "It occurred to me to ask the nurse", kutanthauza kuti lidamubwerera ganizo lofunsa namwino. "Dawn on" sanena za ganizo lochita chinthu. Amanena za choona chimene chaonekera.

Ulemu ndi umboni

Munthu akanena chining'achi za iye mwini, amamveka wodzichepetsa, chifukwa akuvomera kuti adatenga nthawi asanaone. Akachinena za mnzake, makamaka ndi liwu la "finally", amamveka ngati akuti mnzakeyo ndi wochedwa kumva. Chikasanduka funso lolunjika kwa munthu chimakhala chidzudzulo. "Has it not dawned on you that the bridge is broken?" si funso lofuna yankho; tanthauzo lake n'lakuti aliyense waona kale, watsala ndi wofunsidwayo. Kholo lingathe kuyankhula motero kwa mwana wosamva, koma kulembera mawu amenewa mfumu, khansala, mphunzitsi wamkulu kapena mkulu wa pachipatala ndi mwano, ngakhale dandaulo lake likhale loona. Wodandaula amene akufuna kuti amvedwe alembe kuti "I wish to bring to your attention that the bridge is broken", mawu amene amapereka nkhani yomweyo popanda kunyoza wowerenga.

Chining'achi chimakhalanso umboni wa nthawi. Msungichuma wa banki m'khonde akalemba kuti "It dawned on me in June that the figures did not agree", wanena zinthu ziwiri: kuti mu Juni adazindikira kuti mawerengero sakugwirizana, ndiponso kuti Juni asanafike sankadziwa. Ngati ankadziwa kale, chiganizocho ndi bodza limene lingadzamutsutse mabuku akadzafufuzidwa. Ngati sankadziwadi, womasulira amene anganene pagulu kuti "ankadziwa kuti ndalama sizikukwana" wamusenzetsa mlandu umene mwini wake sadavomere. Aliyense wosaina chikalata chimene wina wamulembera m'Chingerezi, monga lipoti kapena umboni, afunse tanthauzo la mawu otere asanaike dzina lake. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Kwa ophunzira nkhaniyi ndi yofunikanso, popeza satifiketi ya MSCE siperekedwa kwa amene walephera Chingerezi. Pa funso la kumvetsa nkhani, wophunzira akafunsidwa tanthauzo la "it dawned on him", yankho lake likhale "he began to realise" kapena "he came to understand". Amene angayankhe kuti kunja kudacha wamasulira mawu n'kuphonya chining'a. Pa chimangirizo, chining'a chimodzi choikidwa pamalo pake chimaposa zisanu zongounjika.

Kumasulira m'Chichewa

Chichewa chilibe chining'a chimodzi chokwanira malo onse a "dawn on", choncho womasulira asankhe potengera nkhani. Pamene kuzindikira kudabwera pang'onopang'ono, "adayamba kuzindikira" kapena "zidayamba kumuonekera" ndi mawu oyenera. Pamene padapita nthawi yaitali, kaphatikizo ka "-dza-" kamathandiza: "adadzazindikira pambuyo pake". Pamene munthu adali atanyengedwa, "maso ake adatseguka" amamveka bwino. Pa chiganizo chokana, "sizidamubwerere m'mutu" kapena "sadaganizeko n'komwe" amapereka tanthauzo lonse. Chofunika n'chakuti omvera amve zinthu ziwiri zija, kuti poyamba munthuyo sankadziwa ndipo kenaka adadziwa.

Njira yabwino yosungira chining'a m'mutu ndi kuchigwiritsa ntchito pa nkhani zenizeni. Wophunzira alembe m'kope ziganizo zake zitatu, chimodzi pa njira iliyonse mwa zitatu zija, ndipo akamva chining'achi pa wailesi aone chimene chabwera patsogolo ndi pambuyo pake. Magulu a sukulu ya kwacha ndi makolo amene amathandiza ana madzulo angathe kugwirira limodzi ntchito ili m'munsiyi.

Ntchito yoyeserera

Gawo A. Wophunzira akonze ziganizo izi:

1. I dawned that I had left my keys at the maize mill.
2. It dawned to the women that the well was drying up.
3. It slowly downed on him that his friend was not coming back.
4. The truth dawned on she after many months.

Gawo B. Wophunzira asankhe chining'a choyenera pa nkhani iliyonse pakati pa "dawn on", "sink in" ndi "get the hang of":

5. Mnyamata wakhala akuphunzira kuumba njerwa kwa milungu iwiri ndipo tsopano zikutuluka zowongoka.
6. Mayi wauzidwa kuti wabereka mapasa, koma mpaka madzulo sakukhulupirirabe.
7. Wogulitsa tomato wakhala akudabwa chifukwa chimene phindu likucheperachepera, kenaka wayamba kuona kuti ndalama zambiri zikuthera pa thiransipoti.

Gawo C. Wophunzira amasulire m'Chichewa:

8. It never dawned on the boys that the river could rise at night.
9. It is beginning to dawn on the traders why customers have stopped coming.

Mayankho

1. It dawned on me that I had left my keys at the maize mill.
2. It dawned on the women that the well was drying up.
3. It slowly dawned on him that his friend was not coming back.
4. The truth dawned on her after many months.
5. "Get the hang of", chifukwa nkhani ndi ya luso la manja.
6. "Sink in", chifukwa uthenga wamveka kale koma sunakhazikike mumtima.
7. "Dawn on", chifukwa choonacho chidalipo kale ndipo wogulitsayo wachizindikira yekha patapita nthawi.
8. Anyamatawo sadaganizeko n'komwe kuti mtsinje ungasefukire usiku.
9. Amalonda ayamba kuzindikira chifukwa chimene ogula asiyira kubwera.

Pa mafunso 8 ndi 9 mawu ena a Chichewa ndi ololedwa, malinga ngati akusunga tanthauzo la kusazindikira pa funso 8 ndi la kuyamba kuzindikira pa funso 9.